Mbawala ya pa Mtsinje wa Malire

M'masiku amene dziko la Jeremani linali logawikana pakati pa mafumu ambiri, ku Harlenburg kunkalamulira mfumu Ottokar, munthu wa mtima wapachala. Pabwalo pake panali mmisiri Kaspar Lindegger, wojambula nyama. Iye ankamata phula pa mbale yamkuwa, kulembapo ndi singano, kuthirapo asidi kuti adye mizereyo, kenaka kupaka inki ndi kudinda pa pepala.

Chaka china mwana wa mfumu anapha mbawala yaikulu ya nyanga zanthambi kutsidya kwa mtsinje wa malire, m'dziko la mfumu Gebhard. Gebhard anati amubera nyama, nasonkhanitsa ankhondo. Popeza Kaspar analipo pa ulenjewo, Ottokar anamulamula kuti ajambule mbawalayo ngati kuti inagwera tsidya la kwawo, kuti ukhale umboni.

Patapita masiku asanu ndi awiri, Kaspar anayala pepala pamaso pa mfumu ndi nduna zake. Pachithunzipo mbawala inali itagona kutsidya kwa Gebhard.

"Kodi dzanja lako lamanja watopa nalo?" inafunsa mfumu, itagwira lupanga.

Kaspar anagwada. "Mbuye wanga, taonani pamchenga wa tsidya lino. Mapazi atatu ndi ozama, lachinayi likungokwekwereza, ndipo magazi ayambira apa. Mwana wanu anailasira kwathu kuno, koma inakafera uko. Zimene sindinaone, singano yanga siizidziwa."

Nduna yaikulu, Reinhold, inaimirira. "Mfumu, bodza lilibe mwendo. Alenje a Gebhard anaona pamene inagwera. Tikanama pamenepo, adzatikhulupirira bwanji za magaziwa? Paulenje nyama ndi ya woyamba kulasa."

Ottokar anatembenukira kwa Kaspar. Kenaka anati, "Upite nalo wekha pepalali kwa Gebhard. Akakupha, ndi zako."

Kaspar anawoloka mtsinje, nadutsa pakati pa mikondo. Gebhard anaitana mlenje wake wamkulu, amene anayang'anitsitsa mapaziwo navomereza kuti nyama yolasidwa imayendadi chotero. Mafumuwo anagwirizana: nyanga kwa wolasa, chikopa kwa mwini nthaka. Ankhondo anabwerera kukakolola tirigu.

Koma Ottokar sanaiwale kuti mmisiri anamukanira pagulu, ndipo anamuletsa kubwerera kwawo. Kaspar anakalambira kuchilendo, akujambula akavalo a eni ake. Zidzukulu za amuna amene akanafera pamtsinje uja zinkapachika chithunzi cha mbawala chija m'nyumba zawo, ngakhale ambiri sankadziwa kumene manda a Kaspar ali.