Dimba la Regina, Holo ya Lufina

Regina anawapeza ali chiimire pakati pa mizere yake, amuna awiri, nsapato zili kuphazi m'dimba lonyowa. Mmodzi anali mwamuna wake Paison. Winayo anali Che Idrisa, mwini sitolo yaikulu ya pa Lizulu, amene pakhonde pake Paison ankasokerapo zovala. Che Idrisa anali atawerama, akufukula tsinde la kachewere ndi chala monga amachitira ogula.

"Mwaswera bwanji, Che Idrisa?" Regina anatula makeni ake othirira pansi. "Kodi kachewereyu wayamba liti kulandira alendo mwini wake osadziwa?"

Che Idrisa anaweramuka n'kuyang'ana Paison. Paison anayang'ana kumapiri a ku Mozambique ngati kuli wina akumuitana.

"Ndimayesa abambo anakuuzani," anatero Che Idrisa. "Ndabwera kudzaona chikole. Akufuna holo yanga, ija ili kuseri kwa sitolo, kuti mlongo wawo Lufina adzachitiremo madyerero a ukwati mu Seputembala. Ine ndinanena poyera kuti tsiku ndisunga, koma mtengo sindingatchule lero. Mukuona nokha mmene othawa nkhondo adzazira pa Lizulu. A bungwe logawa chimanga akuifuna holoyo kuti aziunjikamo matumba, parafini wa nyale akukwera sabata ndi sabata. Mtengo ndidzatchula mwezi wa ukwatiwo. Koma kuti ndiwakanize enawo ndimafuna chogwira, ndiye abambo anati dimba ili."

"Nanga mtengowo ukadzakula?"

"Ndidzakumba mpaka ukwane."

"Ukadzafanana ndi dimba lonse?"

"Ndiye kuti lonse, amayi. Sindinabise kanthu ine."

Regina anamva m'mutu kutentha. Dimba limenelo ndilo linali sukulu ya Enelesi, mwana wake amene anabereka kwa mwamuna woyamba, malemu. Mtsikanayo anali atangomaliza Fomu 1 kusekondale yogonera konko, ndipo fizi ya mu Okutobala inali pansi pa mizere imeneyo, osati kwina. Mbewu yake Regina anachita kukaitenga kwawo ku Champiti. Paison zonsezi ankazidziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake ankayang'ana mapiri.

Regina ananyamuka, Paison n'kumutsatira. Atafika pamudzi, pa Mlangeni, anapeza a Nanzunga, amayi ake a Paison, akuswa mtedza pakhonde, Lufina ali pambali akudzola mafuta m'miyendo. Enelesi anali kuseri akutsuka mbale za banja lonse, ntchito imene inkamudikira holide iliyonse.

"Amayi," Regina anayamba ali chilili, osagwada n'komwe, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwire. "Anapereka dimba langa ndani?"

"Lanu?" A Nanzunga anaseka chapakhosi. "Munabwera nalo pabasi kuchokera ku Champiti? Dothi limenelo anaswa ndi malemu amuna anga, inu musanamere mano."

"Dothi ndi lanu, sindikukana. Koma kachewere ndi wanga. Ndi fizi ya mwana."

"Mwana wa yani?" anafunsa a Nanzunga, dala mokweza. "Ife pano tikukwatitsa mwana wathu weniweni. Lufina sakachitira ukwati pachisakasa cha udzu ngati ndi maliro. Mwana wa a Redson a m'mudzi muno anachitira mu holo, wanga achepe pati? Wanuyo abale a bambo ake alipo, akamulipirire. Ife tamudyetsa, takwana."

Kuseri kunamveka mbale kugwa. Enelesi anatulukira pakona ya nyumba manja ali thovu lokhalokha, misozi ikutsika.

"Alamu, musakulitse nkhani," anatero Lufina. "Mwina mtengowo udzakhala wochepa."

"Mwina? Mukufuna mwana wanga akalowe m'kalasi ndi mwina? Ng'ombe ya amayi ili m'kholamo. Bwanji simunapereke imeneyo, poti mtengo udzakhala wochepa?"

A Nanzunga anakankha lichero, mtedza n'kumwazika. "Ng'ombe yanga ikakhale chikole cha chinthu chopanda mtengo? Ndapenga ine?"

Apo ndiye anadziulula okha. Kuopsa kwake ankakudziwa, anangosankha kuti opsa akhale wina. Regina anatembenukira kwa mwamuna wake, amene anali atatsamira chipupa akuchotsa ulusi pamalaya.

"Abambo, mwamva nokha. Yankhulani."

"Mayi a Enelesi, tikambirane m'nyumba," Paison anayankha chapansipansi. "Amayi analengezetsa kale kutchalitchi kuti madyerero ndi ku holo. Tikabweza tichita manyazi."

"Manyazi mukuopa a kutchalitchi. A mwana amene amakutchulani kuti bambo mulibe nawo ntchito."

Paison anatsegula pakamwa, anayang'ana amayi ake, n'kutsekanso. Chimenecho ndicho chinamupweteka Regina kuposa mawu onse a apongozi ake. Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko mpaka fumbi linagwa kudenga. Potuluka anali ndi mtolo wa zovala pamutu, Enelesi ali pambuyo. Anatenga makeni aja ndi khasu n'kuziika pamapazi pa a Nanzunga.

"Dimba ndi lanu. Nawa makeni, nali khasu. Madzi ndi m'mawa ndi madzulo."

"Pitani," anatero a Nanzunga. "Kuthirira ndi ntchito nanga?"

Anthu odyera kachewere m'mbale amayesa kuti amadzikulira yekha. Wa m'dimba amafuna madzi osadumphitsa, ndipo akayamba kubereka amafuna kumukwezera dothi. Ukachedwa amatulukira pamtunda, dzuwa n'kumubiriwitsa, ndipo wobiriwira pa Lizulu palibe amamuyang'ana kawiri. Lufina anathirirako poyamba, kenaka anayamba kudandaula kuti m'manja mutuluka matuza ukwati usanafike. A Nanzunga anatulukira matenda a msana amene palibe anawamvapo kale. Paison ankayesa m'mamawa asanapite kumakina ake, koma manja ozolowera sizasi ankangowaza madzi pamasamba, pansi pali pouma. Posakhalitsa mizere ya m'mphepete inachita chikasu, dothi linang'aluka, kachewere n'kuyamba kusuzumira kunja.

Che Idrisa atabweranso kudzaona, sanachite kuwerama.

"A Paison, ine ndinalandira dimba lokhala ndi mwini wake. Ili ndi lamasiye. Munandiuza kuti akazi anu akudziwa, ndipo ndinakukhulupirirani poti timakhalira limodzi pakhonde. Sindikufuna mkangano. Pofika Loweruka mundipatse chogwira china, apo ayi a chimanga alowetsa matumba awo."

Paison anakwera basi ya ku Champiti ndi mawu okonzeratu m'kamwa. Ankati akanena kuti amayi apepesa, kuti zonse zikambidwa bwino, bola abwerere msanga. Pakhomo pa mlamu wake Bizwell anamulozera kudambo. Kumeneko anapeza Regina akukwezera dothi m'dimba la eni, pa ganyu. Enelesi ankachokera kuchitsime ndi makeni awiri, miyendo ili matope mpaka m'mawondo, atavala siketi ya yunifolomu imene Paison yemweyo anasoka ndi manja ake chaka chatha, akudzitama kwa aliyense wodutsa pakhonde kuti kwawo kwatuluka wa sekondale. Mtsikanayo atamuona anatula makeni, anagwada m'matope momwemo.

"Mwafika, ababa?"

Paison anayang'ana siketi ija. Mawu okonzeratu aja anathawa onse.

Regina sanasiye kulima. "Ndamva kuti dimba lija likufa," anatero. "Ndiye ndiuzeni zoona, abambo. Mwabwera kudzatenga ine, kapena manja anga?"

"Ponyamuka ndinadzera manja," Paison anavomera, misozi ikugwera pamalaya. "Sindikunamizani kachiwiri. Koma mwanayu akundigwadirabe, ine nditamugulitsa. Ndakulakwirani, mayi a Enelesi. Ndalakwira mwana."

"Misozi sithirira kachewere," anatero Regina, ndipo apa anaimika khasu. Maso ake anali ofiira ndi mkwiyo. "Ine ndakukondani zaka zonsezi, ndaphikira amayi anu, ndachapira mlongo wanu. Tsiku limodzi lokha ndinakupemphani kuti muyankhule, inu n'kumachotsa ulusi pamalaya. Ndibwerera, chifukwa fizi ya mwanayu ili m'dothi lija. Koma ndilowa m'dimba pokhapokha mutakanena nokha kwa Che Idrisa kuti kachewere uja si chikolenso. Holo anaifuna ndi amayi. Chogwira apereke okha."

Anafika pa Mlangeni dzuwa litapendeka. Regina anaima kunja kwa mpanda ndi mtolo wake pamutu, osalowa. Paison anatenga chingwe n'kulunjika kukhola. A Nanzunga, msana utachira mwadzidzidzi, anathamanga n'kukakhala pansi pakhomo pa kholalo.

"Iwe Paison, ndinakubereka ine. Wakudyetsa chiyani mkazi ameneyu? Ng'ombe anandisiyira bambo ako, ukufuna uipereke kwa wasitolo?"

"Sindiitenga mokakamiza, amayi," anatero Paison, osabwerera m'mbuyo. "Dimba ndakalichotsa kale pachikole, ndadzera kwa Che Idrisa. Ukwati ndi wa mwana wanu. Mukafuna holo, ng'ombe ituluke. Mukaikonda ng'ombe, mawa ndikadula mitengo ya chisakasa, ndipo Lamulungu mukaimirire nokha m'tchalitchi kukonza chilengezo chija."

"Udikire mtengo utchulidwe kaye."

"Mwana wa mkazi wanga munamuuza kuti adikire?"

Lufina anayamba kulira mokweza, akuti iye pachisakasa sakakhalapo, anzake amuseka, akuchimuna anauzidwa kale. A Nanzunga anatukwana mtengwa wawo Regina, anatukwana ku Champiti konse, anatukwana ndi nkhondo ya ku Mozambique yomwe. Kenaka anasiya kutukwana. Ankaona m'maganizo akazi a Redson atakhala pabenchi yakutsogolo, akumwetulira pamene chilengezo chikubwezedwa. Zimenezo sakanazipirira. Anadzikhwekhwereza okha kuchoka pakhomo pa khola, palibe anawagwira dzanja.

Regina anatula mtolo pamene ng'ombe inadutsa pampanda. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatola makeni ake n'kutsikira kudimba.

Mizere ya m'mphepete inali itapita, koma yapakati anaipulumutsa. Mu Seputembala Che Idrisa anatchula mtengo wake, wofanana ndi umene a chimanga anali okonzeka kupereka, ndipo ng'ombe sinabwerere. Anaigulitsa kwa opha nyama a pamsika. Ukwati unachitika mu holo monga anafunira a Nanzunga, nyale zikuyaka masana, akazi a Redson atakhala kumbuyo. Koma mpando wa mayi wa mkwatibwi unali pafupi ndi windo, ndipo kunja kwa windolo, pabwalo la opha nyama, anali atakhomerapo chikopa chofiira cha banga loyera pamsana kuti chiume. A Nanzunga anachizindikira. Nthungululu sanaimbe, mpunga anangoutosatosa.

Kachewere anakumbidwa sabata yotsatira, ndipo Regina anakagulitsa yekha pa Lizulu. Anakwanira fizi ndi sopo, za nsapato zatsopano zinalephereka chifukwa cha mizere inafa ija. Regina sanaiwale, ndipo kwa apongozi ake ankangopereka moni basi.

Tsiku lotsegulira sukulu Enelesi anatuluka m'nyumba ndi nsapato zake zakale, khadi la chipani lili m'thumba kuopa achinyamata a pasiteji. Paison anasenza sutikesi yake pamutu. A Nanzunga anali pakhonde, atayang'ana kukhola lopanda kanthu.

"Taonani mwamuna wamkulu," anatero, "kusenzera katundu mwana wa eni."

Paison anaima. Regina naye anaima, kudikira ngati munthuyu ayambanso kufuna ulusi pamalaya.

"Ndi wanga, amayi," anatero Paison, mokweza kuti ndi a nyumba zoyandikana omwe amve. "Ndipo Fomu 3 ndi Fomu 4 ndidzamusenzeranso."

A Nanzunga analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Palibe anacheuka. Enelesi anapukuta maso ndi mkono, ndipo atatuwo anatsikira kumsewu, chifukwa basi inali itayamba kumveka kumtunda.