Damu la a Jonas

Zaka khumi ndi zinayi a Jonas anathyola tiyi pa esiteti, koma nsapato analibe. Dengu kumsana, mame m'miyendo, kapitawo pakhosi. Atatopa anakumba damu la nsomba kwawo kwa Mphuka. Nsombazo zinangothera pa msinkhu wa chala.

Mwayi unagwera Kingsley, mnzawo wothyola naye mzere umodzi. Kunabwera anthu ophunzira pa galimoto, n'kumadula kachipsepse ka nsomba iliyonse, ati akayeze kuti adziwe za mtundu wokula msanga. Zosankhikazo anazisiya m'damu la Kingsley. Damu la a Jonas analidumpha. Ophunzira kudumpha mphawi ndiye amatha.

Mtima unakana kukhala pansi. Loweruka m'mawa anapalasa njinga mpaka ku Thekerani, kwa sing'anga.

"Akumadula chipsepse? Masewera amenewo," anaseka sing'angayo. "Kukula, achimwene, timachotsa pena n'kukaika pena. Kwanu kuli amene akukula?"

"Kamwana kanga, Mtisunge. Zaka zitatu."

"Basitu. Muzimuwenga zikhadabo mwezi ndi mwezi, kusakaniza ndi madeya, kuwaza m'damu."

"Samva kuwawa?"

"Chikhadabo chinawawapo? Inu muzingoona sikelo."

Pa miyezi inayi nsomba zinafika ngati mkono. Ogula ankachita kulimbirana. Malata anakwera padenga, njinga yamoto inaima pakhomo, dengu la tiyi analiponya kukhola.

Tsiku lina akazi awo, a Teleza, anabwera kuchokera ku sikelo ya ana maso ali gwa.

"Bambo a Mtisunge, mwanayu akutsika. Anesi akuti ndikum'mana chakudya. Ine?"

"M'patseni nsomba, si izo zadzaza."

Koma mwana akangoona nsomba ankakuwa. Diresi la chaka chatha linayamba kum'kwekwereza pansi. A Jonas anathamangiranso ku Thekerani kukapempha kuti asiye.

"Tsamba lothyola silibwerera pamtengo," anatero sing'anga. "Nsombazo zinalawa. Mukaleka, zidzatenga zokha."

Mbiri inawapeza ophunzira aja. Anabwera, anadula zipsepse, anapita. Atabweranso, wamkulu wawo anaima pakhonde akukanda m'mutu.

"Bambo, mwa nsomba zanu mulibe chizindikiro cha mtundu wokula msanga ngakhale chimodzi. Mukuzidyetsa chiyani?"

A Teleza, amene ankaona amuna awo akusamala lezala mwezi uliwonse, anatulutsa kadzanja ka mwana m'nsalu, n'kuyang'ana tizala, kenako amunawo.

Mtisunge anatisiya Lachitatu. Onyamula bokosi anayang'anana, chifukwa linkapepuka ngati dengu lopanda kanthu. Mawa lake nsomba zonse zinayandama, mimba m'mwamba.

Lero a Jonas amayenda m'mizere ya tiyi, opandanso nsapato, atabereka dengu lija. Akafika pa sikelo yoyezera tiyi amagwada.

"A kapitawo, tandiyezerani mwanayu. Wakwera?"

Inu osirira damu la mnzanu, imvani. Umphawi umaluma, ndikuudziwa. Koma chuma cha zitsamba sichidya madeya, chimadya wa m'nyumba mwako.