Mtsuko Wopita ku Doko

Uyu ndi Rehab. Ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Amakhala ku Qena, m'mbali mwa mtsinje wa Nailo.

Bambo ake anamwalira chaka chatha. Ankawolotsa anthu pa boti, kutali, kufupi ndi Esna.

Rehab ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukaika mtsuko wa madzi padoko la bambo. Wodutsa aliyense azimwa. Akamwa, aziwapempherera bambo.

Amayi anagula mtsuko wadothi. Unali waukulu. Unali wolemera.

Bambo aang'ono, a Hamdi, anali ndi galimoto. Amayi anawapempha. A Hamdi anati galimoto yafa. Linali bodza. Anatinso mkazi wamasiye azikhala pakhomo.

"Aidye galimoto yawoyo," anatero amayi. "Ife tili ndi miyendo."

Anatulutsa njinga zitatu. Ina ya amayi. Ina ya Rehab. Ina ya mkulu wake, Doaa. Mtsuko anaumangirira pa keliyala ya amayi.

Ananyamuka m'mamawa. Anapalasa, napalasa, napalasa. Anadutsa minda ya nzimbe. Anadutsa mitengo ya kanjedza. Mtsinje sunawasiye.

Masana dzuwa linaswa mtengo. Chilimwe sichisewera. Anakhala pamthunzi. Anadya buledi, tchizi ndi vwende. Anagona kwa azakhali.

Tsiku lachiwiri anapalasanso. Doaa ankamutcha Rehab kamba. Rehab ankamutcha Doaa bulu.

Pamsika wina, amuna ankamwa tiyi. Anaona njinga zitatu zija. Anaseka.

"Mayi, amuna anu ali kuti?" anafunsa wina.

"Ali kumanda. Muwalonjere mukafika," anayankha amayi.

Amunawo anasiya kuseka. Koma amayi anali atapsa mtima. Anapalasa mwamphamvu. Sanaone dzenje.

Khu! Njinga inagwa. Amayi anagwa. Mtsuko unagwa.

Rehab anathamanga. Mtsuko unali ndi mng'alu. Anatunga madzi mumtsinje nathiramo. Madzi anayamba kudontha. Do, do, do.

Amayi anakhala pansi. Sanakalipe. Sanatukwane dzenje. Anangoyang'ana mtsinje. Rehab anachita mantha. Anali asanawaonepo amayi ali chete.

Doaa anati basi, abwerere kwawo. Mtsuko wodontha ndi wa ntchito yanji?

Rehab anatsegula thumba la zida. Munali chubu chatsopano. Chinali chimodzi chokha. Anapempha mpeni wodulira vwende.

"Iwe, tayala likaphulika titani?" anafunsa amayi.

"Tidzaikankha njingayo, amayi."

 Amayi anamupatsa mpeni.

Rehab anang'amba chubu. Anapanga zingwe za mphira. Doaa anagwira mtsuko. Rehab anakulunga mphira. Anakoka, nakulunga. Anakoka, nakulunga. Manja anamuwawa.

"Choka, ulibe mphamvu," anatero amayi. Anakoka okha. Mng'alu unatsekeka.

Anathiramonso madzi. Anadikira. Anadikirabe. Sunadonthe.

Tsiku lachitatu amayi anapalasa pang'onopang'ono. Dzenje lililonse analizungulira.

Anafika padoko dzuwa lisanakwere. Panali mtengo wamthunzi. Anaika mtsuko pansi pake. Anapempha madzi oyera kumzikiti. Anadzaza mtsuko. Anamangirira kapu ndi chingwe.

Boti linafika. Munatuluka a Fawzi, amene ankagwira ntchito ndi bambo. Anali ndi ludzu. Anamwa kapu yonse.

"Mtsuko wovala lambawu ndi wa ndani?" anafunsa.

"Ndi wa bambo anga, a Ragab," anatero Rehab.

A Fawzi anaika kapu pansi. Anatambasula manja. Anawapempherera bambo. Anthu a m'boti anatambasulanso manja.

Amayi anapukuta m'maso ndi mpango. Anamwetsa Doaa. Anamwetsa Rehab. Iwo anamwa pomaliza.

"Tsopano sunthani," anatero amayi. "Anthu akufuna kumwa."

Anasuntha. Anakhala pamthunzi, atatu pamodzi. Anthu anabwera, namwa. Ena anabwera, namwa.