Wopesa Siporani ya Malemu

Effie anazindikira Lachiwiri kuti ubweya wa siporani sukupotana.

Chikwamacho chinali cha mwamuna wake Alasdair, chosiyiridwa ndi agogo ake: chovalidwa kutsogolo kwa kiliti, siketi yamwambo ya amuna, mlomo wasiliva, ubweya wautali wa kumchira kwa hatchi. Chinkakhala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Chisanu chikafika ku Lochcarron, chinyezi chinkaupotanitsa ubweyawo, ndipo Loweruka lililonse Alasdair ankaupesa pafupi ndi mbaula, akung'ung'udza kanyimbo. Koma Alasdair anaikidwa m'manda mu Okutobala. Tsopano mvula inali itagwa masabata atatu, makoma akuchita thukuta, ubweya uli chiwongokere ngati wina wangochotsapo chipeso.

Dolina wa khomo loyandikana, amene ankasiya kambale ka msuzi pambaula tsiku ndi tsiku osatchula n'komwe, anauyang'ana nthawi yaitali.

"Mukuupesa ndinu, Effie?" ananong'ona.

"Ndi manja a nyamakaziwa?"

Posakhalitsa kugolosale kunamveka zoti malemu akumabwera kudzapesa chikwama chawo.

Lachitatu, mdima utagwira kale cha m'ma folo, Effie anamva kukanda pachitseko chomwecho, kunja kwake. Kwee, kwee, pang'onopang'ono, ngati mano a chipeso pathabwa. Mphepo inali italeka. Panalibe galu wouwa, madzi okha akudontha padenga. Lachinayi kukandako kunabweranso, kenaka mapazi olemera pamiyala, akulowera kunjira ya kumanda. Effie sanatsegule. Anangosendeza mpando, n'kukhala moyang'anizana ndi chitsekocho mpaka tiyi anazizira m'manja.

Lachisanu kunabwera Murdo, mng'ono wa malemu, yemwe amagulitsa zovala zakale pa intaneti ali m'kashedi kake.

"Alamu, chinthuchi chichoke," anatero motsitsa mawu. "Achimwene sakugona. Ndipatseni ndikachikwirire pamanda pawo. Komanso musadandaule nacho, ine ndimazidziwa izi. Siliva wakeyu ndi wopaka chabe."

"Mwana wanga Calum avala chimenechi paukwati wake mwezi wamawa, monga anavalira bambo ake."

"Mufuna mzimu ulowe m'tchalitchi?"

"Ngati Alasdair akuchifuna, abwere andiuze yekha. Zaka makumi anayi sanasowepo pakamwa, ayambe lero kukanda zitseko ngati mphaka?"

Mawu oti "wopaka" anamuwawa Dolina, yemwe anamva zonse ali pambaula, kuposa mwini nyumba. Madzulo ake anabwera ndi foni, magalasi ali pamphuno.

"Ndimafuna ndione mmene amasiyanitsira zenizeni ndi zabodza. Taonani chomwe ndapeza."

Pachithunzipo panali siporani yogulitsa, dzina la wogulitsa losadziwika. Ubweya wake unali wopotana. Inali itayalidwa pabulangete lobiriwira, lomwe Effie analuka ndi manja ake n'kumupatsa Murdo pa Khirisimasi.

Effie anazula kaubweya kamodzi pa siporani ya pachitseko, n'kuyatsa machesi. Ubweya wa hatchi umapsa ndi fungo la nthenga, n'kusiya phulusa. Aka kanafinyana, kanasungunuka, kanasanduka kambulu kakuda kolimba.

"Nayiloni," anatero Dolina.

"A Murdo anasinthanitsa zikwamazi pa tsiku la maliro, nyumba itadzaza. Akudziwa kuti Calum akangoigwira azindikira, ndiye akufuna ikwiriridwe." Effie anavala chikhotho, n'kuchotsa yabodzayo pamsomali.

"Mumdima uno? Dikirani kuche."

"Mdima wandiopseza kokwanira sabata ino."

Dolina anamugwira mkono njira yonse, kuti asaterereke.

M'kashedi ka Murdo munali kuyaka getsi. Patebulo panali katoni yomatamata kale, yolembedwa keyala ya ku Nova Scotia, kutsidya kwa nyanja. Effie sanapereke moni. Anatola mpeni pomwepo n'kung'amba katoniyo, fungo la utsi wa m'khitchini mwake n'kumuwomba kumaso.

"Alamu, wogula walipira kale. Ndiwauza chiyani?"

"Muwauze kuti mzimu wakana."

"Tikambirane bwinobwino, ndife abale..."

"Abale amagogoda, a Murdo. Sakanda." Anakumbatira chikwama cha mwamuna wake m'kati mwa chikhotho, chabodza chija n'kuchiponya pamiyendo pa mlamu wakeyo. "Ichi n'chanu. Mudzavale paukwati, mudzakhale pampando wakutsogolo. Mukapanda kubwera nacho, ndidzaimirira pamadyerero n'kufotokozera mudzi wonse amene amapesa."

Murdo anayang'ana chinthucho.

"Ndipo tsiku limenelo mudzatalikire makandulo," anatero Effie ali pakhomo. "Chimasungunuka."