Tsiku Limene Wailesi Anakhala Chete

Aise, wafika? Khala bwino, foniyo uigwiritse isakugwere pamphuno, chifukwa ya leroyi ndi yotentha. Ndi ya mtsikana wina amene kwawo amamutchula kuti Wailesi. Dzinali sanangomupatsa. Mtsikanayu akayamba kuyankhula ukhoza kupita kukasamba, kuvala, kupesa, n'kudzamupeza akadali pa mfundo yoyamba.

Wailesi anali atamaliza digiri yoyamba, chipewa chija anaponya m'mwamba, zithunzi anajambulitsa. Anthu ankati basi akasake ntchito. Iye ayi. Anabwerera kusukulu ya ukachenjede kukachita digiri yachiwiri kuti akhale wa zachisamaliro cha anthu, aja amene amathandiza ana ndi mabanja zinthu zikasokonekera pakhomo. Maphunzirowo ankawakonda moti pakhomo panasowa mtendere. Amayi akangoti mutu ukuwawa, iye wafika kale ndi kope m'manja.

"Amayi, mumtimamu mukumva bwanji za mutuwo?"

"Ndikumva kuti undipatse mankhwala, undichokere apa."

Ndiye linafika Lachinayi lina, tsiku la mayeso a pulakitiko. Wophunzira aliyense ankayenera kujambula vidiyo ya mphindi khumi akucheza ndi munthu wongoyerekeza kuti ali pavuto, n'kuitumiza kusukulu pa intaneti isanakwane folo koloko masana. Wokhoza ankapita kukaphunzira ntchito kuofesi yeniyeni mwezi wotsatira. Wolephera ankatsala mpaka chaka chamawa. Ndipo Wailesi anali atalephera kale kamodzi. Aphunzitsi ake, mayi wamagalasi wosaseka wamba, anaionera vidiyo yoyambayo ali ndi wotchi m'manja. Pa mphindi khumi, Wailesi anayankhula zisanu ndi zitatu.

"Wobwera ndi vuto ndi ndani apa, iweyo kapena mnzakoyu?" anamufunsa aphunzitsiwo. "Ndikukupatsa mwayi womaliza. Munthu akasiya kuyankhula, uziwerenga mumtima mpaka teni usanatsegule pakamwa."

Cha m'ma wanu koloko, zonse zili tayale, uthenga unalowa pafoni. Mnzake wam'kalasi amene anagwirizana naye kuti akhale woyerekezayo anali kuchipatala ndi mwana wake. Wailesi anayamba kuzungulira pabalaza ngati nkhuku yosowa poikira. Amayi anali kuntchito. Aneba anali atatseka zitseko.

Kenako geti inalira, n'kulowa mng'ono wake wa fomu thuu, yunifolomu ili m'thupi, chikwama kumsana. Uyu ndiye ankatchedwa Tsabola. Shuga akasanduka mchere m'chitini, ndi iyeyo. Ukapeza nsapato zako zonse zili za kumanzere zokhazokha, usavutike n'kufufuza.

"Iwe! Mulungu ndi wabwino! Khala pampando apo!"

"Ndalakwanso chani, asisi? Chuleyo sindinamuike ine m'bafa."

"Chule wake uti? Aaa, zisiye. Ukhala munthu wanga wa vuto."

Tsabola anamwetulira kumwetulira kuja kumene munthu wanzeru akakuona amakabisa katundu wake.

Wailesi anakonza pabalaza monga anawaphunzitsira. Mipando iwiri anaiika mopendeketsa pang'ono, osati maso ndi maso ngati kupolisi. Pakatebulo anaikapo kapu ya madzi ndi tishu. Foni anaitsamiritsa pa mabuku atatu pamwamba pa kabati, n'kudina batani.

"Lowani, mayi. Khalani pomwe mwamasuka."

Analowa munthu wovala wigi ya amayi chotembenuza, pilo ali m'mimba, akutsimphina.

"Ndabwera, adokotala."

"Sindine dokotala. Chakubweretsani n'chiyani?"

"Tambala wa aneba. M'mawa uliwonse amandiitana dzina langa lonse, ndi la bambo anga lomwe."

"Tsabola!"

"Mwaona? Nanunso mwayamba!"

Anayambiranso. Ulendo wachiwiri Tsabola anabwera ngati gogo wogontha, funso lililonse n'kumayankha kuti, "Eee, mvula chaka chino ilipo." Ankaseka mpaka kugwa pampando. Wotchi yapakhoma inkati kota pasiti thuu. Wailesi anakhala pansi, manja kumutu.

"Mng'ono wanga, ndakupempha. Ndikalephera lero, chaka chonse chapita. Peka nkhani yoti ikhoza kuchitikadi. Ya mwana wasukulu, chilichonse."

Tsabola anasiya kuseka. Anavula wigi, anachotsa pilo.

"Chabwino. Dinani."

Wailesi anadina, anakhala, anapereka moni, anafotokoza monga mwa lamulo la ntchitoyo kuti zokambidwa m'chipindamo ndi zachinsinsi.

"Ndine mtsikana wa fomu thuu," anatero Tsabola akuyang'ana nsapato zake. "Sindikufunanso kupita kusukulu."

Basi, anathera pomwepo.

Aise, ukanaona mmene pakamwa pa Wailesi pankayabwira! Malangizo asanu anali atafola kale palilime: sukulu ndi tsogolo, taona ine, taganizira amayi. Analuma mlomo n'kuyamba kuwerenga mumtima. Wanu. Thuu. Firii. Wotchi yapakhoma inkamveka ngati munthu akukhoma msomali. Sikisi. Seveni.

"Lolemba aphunzitsi ananditcha kuti ndikalembe pabolodi," Tsabola anayamba motsitsa mawu. "Sindinadziwe kuti masiku anga a kumwezi afika. Siketi inali itada kumbuyo. Ndinangomva kalasi yonse yaphulika."

"Kenako?" anafunsa Wailesi. Liwu limodzi lokha! Mumtima anadziombera m'manja.

"Mnyamata wina wakumbuyo anali ndi foni yobisa. Anajambula. Pofika madzulo inali pagulu la kalasi, ataikamo ndi kanyimbo. Ena atumiza kumakalasi ena."

Chete anabweranso. Ulendo uno Wailesi anafika pa teni, n'kupitirira mpaka thwelofu.

"Kuyambira Lachiwiri ndimavala yunifolomu m'mawa, ndimakakhala kuseri kwa laibulale mpaka nthawi yoweruka."

"Pa zonsezi, chikukupweteka kwambiri n'chiti?"

"Woseka anzake m'kalasi muja ndine. Ndikauze ndani? Aliyense angoti zamukwana."

Misozi inatsika, yeniyeni, mpaka kudontha pakolala. Wailesi anamusunthira tishu pang'onopang'ono monga anaonera kwa aphunzitsi. Mumtima ankangoti: mwana uyu ndi katswiri wa zisudzo, tamutaya kusukulu ya masamu!

Mphindi khumi zitakwana anatseka bwinobwino, anathokoza, anadina batani, kenako analumpha mpaka kugunda nyale.

"Yatheka! Iwe, yatheka!"

Anaionera mothamangitsa akuwerenga. Iye anayankhula mphindi ziwiri zokha. Ziwiri! Anavina kuchoka pabalaza mpaka kukhitchini n'kubwerera, akuimba nyimbo yopanda mutu. Anatsegula tsamba la sukulu n'kuyamba kutumiza. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Twente. Sate. Fote.

"Asisi."

"Ndikugulira chilichonse chimene ukufuna, tchula!"

"Imeneyo aionera anthu angati?"

"Aphunzitsi, ndi mnzawo wothandiza kuchonga. Komatu mmene yakomeramu akhoza kuionetsa kalasi yonse ngati chitsanzo!"

Atatero m'pamene anatembenuka. Tsabola anali akadali pampando uja, tishu atamufinya m'manja. Sanaseke, sanagwade ngati wazisudzo, sanafunse mphoto. Wailesi anakumbuka kuti Lolemba madzulo mwanayu, amene sachapa popanda kukalipiridwa katatu, anachapa yekha siketi n'kuiyanika m'chipinda, osati panja.

Kuvina kunathera m'miyendo.

"Iwe, nkhani ija unapeka?"

Tsabola anapukusa mutu.

"Koma tumizani basi," anatero msangamsanga. "Nthawi yatha. Iwo sadziwa kuti ndi zoona."

Wotchi inkati teni pasiti firii. Kamzere kanali pa eyite. Wailesi anayang'ana foni, anayang'ana mng'ono wake, anayang'ananso foni. Vidiyo yabwino chonchi sanajambulepo chibadwire, ndipo ankadziwa kuti sangajambulenso ina yotere lero. Eyite faifi.

Anadina poletsa.

"Asisi, mwapenga?"

"Gwira." Anamupatsa foniyo. "Ufufute wekha. Ulowenso kuja zimakabisala zofufutidwa, uichotsenso kumeneko."

"Mulephera!"

"Zimenezo ndi zanga. Fufuta."

Tsabola anafufuta. Kenako anagwera pachifuwa pa mkulu wake n'kulira kulira kwenikweni, kosayang'ana kamera. Wailesi anamugwira osayang'ana wotchi. Kulira kutachepa anamufunsa kuti akufuna auzidwe ndani. Tsabola anasankha yekha: amayi, ndi aphunzitsi aakazi a sayansi. Ahedi ayi, pokhapokha aphunzitsiwo akakhalepo.

"Mawa tipitira limodzi," anatero Wailesi.

Tsabola anapukuta mphuno, anayang'ana kukhoma, maso aja n'kuyakanso.

"Hafu pasiti firii. Amalume ali kushopu!"

Aise, kuthamanga kwake! Wailesi anatuluka ndi silipasi za mitundu iwiri, Tsabola patsogolo foni ili m'manja. Anadutsa pa wometa, anadumpha ngalande, anakhota pa ogulitsa makala, galu wina n'kuwatsatira osadziwa n'komwe nkhani yake.

Amalume awo anali owotcherera zitsulo mumsewu wachiwiri. Anawapeza atawerama pa geti ya munthu, moto ukuthetheka, chigoba chakuda chili kumaso.

"Amalume, zimitsani! Tikufuna mukhale ndi vuto!"

Amalume anakweza chigoba. "Ndi ana inu ndili nalo kale."

"Lopeka, amalume! La mphindi khumi! Ndi mayeso!"

"Lopeka ndithu," anawonjeza Wailesi akupuma mwabefu. "Mukandiuza loona, ndikuthawani."

Anagudubuza zitini ziwiri za penti n'kuzipendeketsa ngati mipando ija. M'malo mwa tishu panali kansanza koyerako pang'ono. Tsabola anagwira foni ndi manja awiri.

"Ndine bambo wa ana seveni," anayamba amalume, amene alibe ngakhale mphaka. "Akazi anga anandithawa Lachitatu, anatenga ndi chitseko chomwe."

Apa m'pamene zinadziwika kumene Wailesi anatengera pakamwa. Amalume anayankhula. Anaimirira, anakhala, anadziguguda pachifuwa, analira osatulutsa msozi, anatchula ana onse seveni mayina n'kuiwala awiri. Kuseri mnzawo wa shopu yoyandikana anayatsa makina odulira zitsulo. Wailesi sanatekeseke. Anafunsa mafunso ake aafupi, anabwereza zimene wamva kuti atsimikize, ndipo pamene amalume anasowa chonena, anawadikira mpaka anapeza.

"Yakwana!" anakuwa Tsabola.

Inali itatsala mphindi khumi ndi imodzi. Netiweki m'shopumo munalibe. Anathamangira panja, kamzere n'kumayenda ngati kakudwala. Tsabola anakwera pamgolo, mkono m'mwamba. Amalume anagwira mgolowo, Wailesi anagwira miyendo ya Tsabola, wometa uja anatuluka ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi kudzaonerera.

"Seventi!"

"Kweza mkono!"

"Nainte! Amalume musagwedeze!"

"Sindine, ndi mgolowu!"

Itatsala mphindi ziwiri kuti ikwane folo, foni inalira kuti yapita. Msewu wonse unakuwa, ngakhale amene sankadziwa chimene chapita.

M'mawa mwake amayi anapempha kuchedwa kuntchito, ndipo atatuwo anapita kusukulu. Tsabola anafotokoza yekha kwa aphunzitsi a sayansi. Mnyamata uja anaitanidwa ndi makolo ake, gulu la kalasi linatsekedwa, amene anali ndi vidiyo ija anauzidwa kuti aifufute aphunzitsi akuona. Sikuti zonse zinathera pomwepo. Lolemba ena ankanong'onezanabe. Koma atsikana awiri anasuntha desiki yawo n'kudzakhala pambali pake, ndipo mmodzi anamuuza kuti zinamuchitikirapo ali m'basi.

Zotsatira za Wailesi zinatuluka patatha sabata. Anakhoza, koma pamzere penipeni, womaliza pa onse okhoza. Aphunzitsi amagalasi aja analemba kuti phokoso la makina linachuluka, malo sanali oyenera, ndipo woyerekezayo akachepetse mchere. Pansi pake anawonjezera kuti: "Koma unamvetsera. Ukayambe kuofesi pa wanu."

Wailesi anawerenga mokweza katatu ataimirira pampando. Amalume anamva mbali ya mchere yokha, ndipo mpaka lero amati aphunzitsiwo sadziwa luso.

Madzulo ake akutsuka mbale, Tsabola anamugunda mkulu wake ndi chigongono.

"Asisi, ija ija ikanakupatsani malikisi angati?"

Wailesi anapitiriza kupukuta kapu.

"Iti? Ine ndikudziwa ya amalume yokha."

Ndiye iwe aise, tiuze zoona: kamzere kali pa eyite faifi, chala chili pabatani, chaka chonse chili pakhosi, ukanadina pati? Ndipo ngati zinakuchitikirapo zoti sewero linasanduka zenizeni uli pakati, tilembere m'munsimu mmene zinathera kwanuko. Mayina okha usatchule.