Makumba a mu Mgolo wa Salma

Twalibu analowa mu shopu ya zipangizo zomangira pa Balaka thalauza ili matope mpaka m'mawondo. Salma, mtsikana wogulitsa m'shopumo, sanadzutse n'komwe mutu. Kwa iye ogula simenti onse ankafanana: fumbi, thukuta ndi kudandaula.

"Achemwali, ndithandizeni. Dziwe langa likutha madzi."

"Kuno timagulitsa simenti, osati madzi."

Mnyamatayo anaseka, mano oyera kuti mbee. Anati kwawo ndi ku Ntaja, kwa Kawinga. Kuseri kwa nyumba ya mchemwali wake, pafupi ndi dimba, anamangako kadziwe ka simenti koweteramo makumba. Tsopano pansi pake panali patang'aluka. Akadzaza madzi m'mawa, pofika madzulo nsomba misana ili pamtunda.

"Ndamata ndi dothi, ndamata ndi phula, koma likudonthabe."

Salma anamuuza zomwe ankauza aliyense. Achotse nsomba, aphwetse dziwe, agobe mng'aluwo, amate ndi simenti yosakaniza ndi mankhwala oletsa madzi kudutsa. Ikauma, adzaze madzi n'kutaya kangapo, chifukwa simenti yatsopano imapha nsomba.

"Nanga nthawi yonseyo nsombazo zikhala kuti?"

"Kafunseni akazi anu."

"Akazi anga? Achemwali, akazi anga ndi amene ndikuyankhula nawowa, kungoti sanadziwebe."

Bodza la pamsika lenileni! Salma anali atamvapo zoterezi kwa madalaivala ndi amisiri osawerengeka. Anzake onse anali atakwatiwa, iye n'kusiya kuyembekezera. Mtima wake unali utachita dzanzi kalekale, ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yaitali. Koma tsiku limenelo, kaya chinamulowa n'chiyani, anapereka nambala.

Asanatseke shopu, foni inalira.

"Duwa langa, ndafika bwino. Simenti ndanyamula, koma mtima ndausiya pa kauntala. Undisungire."

Salma anawerenga, n'kuika foni m'thumba. Atafika pa njanji anaitulutsa n'kuwerenganso.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. "Wadzuka bwanji nthiti yanga?" "Wadya, mayi wa kunyumba?" Twalibu ankagula katundu ku Nayuchi n'kumagulitsa m'misika, ndiye akadutsa pa Balaka ankaima pa shopu, m'manja muli kanthu: lero chitenje cha ku Mozambiki, tsiku lina usipa wouma. Salma anayamba kudzola mafuta onunkhira popita ku ntchito.

Kenako Loweruka lina Twalibu anatsika pa lole ndi mgolo wabuluu ndi zigubu zingapo. Anazitsitsira kuseri kwa nyumba ya Mayi Clementina, komwe Salma ankachita lendi kachipinda.

"Wapamtima, dziwe ndaphwetsa. Mchemwali wanga sakupeza bwino, sangathe kutunga madzi, ine ndiye woyendayenda. Ndani wina angandisungire?"

Salma anasuzumira mu mgolo. Makumba anali kuzungulira mwakachetechete.

"Ine sindinawetepo ngakhale nkhuku, Twalibu."

Iye anamugwira manja onse awiri.

"Tamvera. Tsiku lomwe nsombazi zidzabwerere m'dziwe, ndi tsiku lomwe amalume anga adzanyamuke kukaonana ndi amalume ako. Wallahi, ndalumbira. Ukandisungira izi, wandisungira banja."

Mtsikana wake uti amene akanakana?

Abale, kusunga nsomba mu mgolo pa Balaka mwezi wa Okutobala si masewera. Madzi a pampopi ali ndi mankhwala, nsomba sizigwirizana nawo, komanso mpopiwo unkangotulutsa mphepo. Salma ankalawirira ku mjigo asanapite ku ntchito, n'kupitanso akaweruka. Ankachotsa madzi akale pang'ono, n'kuthiramo atsopano pang'onopang'ono. Ankawaza madeya ndi nsonga za zala, osachulutsa, kuopa kuti angaole m'madzimo. Pamwamba anaphimbapo neti ya udzudzu chifukwa cha amphaka.

Dzuwa likakwera, nsomba zinkabwera pamwamba n'kumayasama. Ndiye pa nthawi ya nkhomaliro Salma ankathamanga kuchokera ku shopu, n'kumatunga madzi a mu mgolomo ndi kapu, kuwatsanulira momwemo kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya. Anzake akudya, iye ali chiimire, kapu m'manja.

Mayi Clementina ankamuonera ali pa khonde.

"Iwe Salma, anzako amapatsidwa mphete, iwe wapatsidwa mgolo?"

"N'zakanthawi, amayi."

"Kaya. Walira mvula walira matope, mwana wanga."

M'mawa wina anapeza imodzi itayandama, mimba m'mwamba. Anaitola, n'kuyang'anitsitsa. Ankaganiza kuti alira, koma misozi sinabwere.

"Bweretsa kuno tikazinge," anatero Mayi Clementina.

"Iyayi amayi. Si zanga."

Anaikwirira pansi pa mtengo wa papaya, n'kulemba uthenga: "Imodzi yafa. Pepa."

Yankho linabwera dzuwa litapendeka. "Usadandaule chiphadzuwa changa. Simenti sinaumebe. Pirira pang'ono."

Anapirira. Manja anachita zikang'a, khosi linauma ndi ndowa. Masabata anapita. Akafunsa, yankho linali lomwelo losintha zovala. "Ndadzaza madzi oyamba, ndikudikira nditaye." "Ndapeza kamng'alu kena pakona, bebi." "Ndili ku Nayuchi, netiweki ikuvuta." Akamuimbira, Twalibu ankayankha pokhapokha ali pamsewu, mphepo ikuwomba m'foni. Pa shopu anasiya kuima.

Kodi simenti yake iti yosauma chonchi? Salma ankagulitsa simenti tsiku ndi tsiku, yankho ankalidziwa. Koma kutopa kuli ndi ubwino wake: munthu suganiza. Ankadzuka, kutunga, kuwaza madeya, kupita ku ntchito, kubwera, kutunganso. Sankasangalala, sankadandaula. Ankangochita.

Kenako mjigo unawonongeka.

Madzi a mu mgolo anayamba kununkha. Tsiku limenelo zinafa zingapo, m'mawa mwake zinanso. Salma anaima pamenepo, neti ili m'manja, n'kuona chinthu chimodzi chokha: zikatha zonse, chidzabwerere m'dziwe n'chiyani? Popanda nsomba, amalume a Twalibu adzanyamuka chifukwa cha chiyani?

Anaimba foni. Sinayankhidwe. Analemba: "Nsomba zikutha. Ndichite bwanji?" Uthengawo unawerengedwa, koma yankho silinabwere.

Anapempha tchuthi kwa abwana ake. Anaboola zivindikiro za ndowa ziwiri ndi msomali, n'kuikamo makumba otsalawo, ulendo wa ku depoti.

"Mayi, izi ndiye ayi! Mutinyowetsera anthu!" anakuwa kondakitala wa minibasi.

"Ndizifungatira."

Ndowa imodzi anaiika pamiyendo, ina pakati pa mapazi. Galimoto ikagunda dzenje, madzi ankamuthira pa chitenje. Pa Liwonde anatsika n'kupempha madzi a pachitsime kwa mayi wina wogulitsa mango, anawonjezera, n'kukwera ina. Njira yonse ankangoika khutu pa chivindikiro kuti amve ngati zikugundabe.

Pa Ntaja anaitana wa kabaza.

"Mukuwadziwa Che Twalibu, a dziwe la nsomba?"

"Aaa, kwa Abiti Hamadi! Kwerani."

Ndiye dzina la mlamu wanga limenelo, anaganiza Salma. Anakonza mpango wake kumutu kuti akafike ooneka bwino.

Nyumba inali ya njerwa zootcha, pabwalo posesedwa bwino. Pansi pa mtengo wa mango panakhala mayi wachitsikana, wamimba yaikulu, akusola nandolo. Ataona ndowa zija anadzuka movutikira, n'kutseka mphuno ndi nsonga ya chitenje, koma maso ake ankaseka.

"Salaam aleikum! Musandiuze, ndadziwa kale. Ndinu alangizi a nsomba a ku Balaka aja!"

"Aleikum salaam. Alangizi?"

"Eee, amene mukutisungira makumba. Abambo akunowa anandiuza. Ine ndine Rashida. Fikani, fikani, mwavutika ndithu!"

Salma anatsitsa ndowa pansi.

"Inu ndinu achemwali awo a Che Twalibu?"

Rashida anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Achemwali awo? Achemwali awowo ali kwawo, ku nyanja ya Chiuta. Pano ndi pa amayi anga. Che Twalibu ndi akamwini pano. Dziwelo anandimangira chaka chomwe tinamanga ukwati, kuti ndisamavutike ndiwo iwo akachoka."

Salma anamva mawu onsewo bwinobwino, limodzi ndi limodzi. Anadikira kuti chinachake chimubaye pamtima. Palibe chomwe chinamubaya. Anangomva kuzizira kwa chitenje chonyowa chija pa ntchafu.

"Mundikhululukire potseka mphuno," anapitiriza Rashida. "Mimba iyi ndi fungo la nsomba sizikumvana. Mgolo utakhala pakhomo pano tsiku limodzi lokha ndinasanza mpaka kufooka. Nanga kutunga madzi, mmene ndililimu? Ndiye anati, usadandaule mayi wa kunyumba, ndapeza munthu."

"Anapezadi," anatero Salma.

"Tiyeni mukaone ntchito yawo."

Anazungulira kuseri. Kadziwe kanali pomwepo pafupi ndi dimba la mpiru, kodzaza mpaka m'milomo. Madzi anali atabiriwira, m'mbali mutamera kale ndere. Panalibe podontha ngakhale pamodzi.

"Linatha liti?"

"Iii, kalekale! Anataya madzi kangapo monga munawauzira. Ine ndakhala ndikuwafunsa, nsomba zibwera liti? Amangoti alangizi atanganidwa."

Salma anagwedeza mutu. Ndiye kuti dziwe linali lokonzeka nthawi yonse yomwe iye ankathamanga ndi kapu dzuwa lili paliwombo. Twalibu sankadikira simenti. Ankaopa tsiku lobweza nsomba, chifukwa tsikulo linali ndi lonjezo lake.

Anabwerera kukatenga ndowa zija. Anagwada m'mphepete mwa dziwe, n'kuziviika m'madzimo osatsegula, kuti madzi a mkati azizire mofanana ndi a kunja. Anadikira. Kenako anatsegula, n'kupendeketsa pang'onopang'ono. Makumba anatuluka, anaima kaye ngati osakhulupirira, n'kulowa pansi.

Nsomba zinabwerera m'dziwe. Tsiku lija linali limeneli.

Belu la njinga linalira pabwalo.

"Amayi a nyumba! Ndakupezerani malalanje aja!"

Twalibu anatulukira pakona ya nyumba, jumbo m'manja. Ataona yemwe wagwada pa dziwe anaima chilili. Malalanje awiri anagwa n'kugubuduzika, iye osawatola.

"Mwaona, abambo?" anatero Rashida mokondwa. "Alangizi abwera okha, pa minibasi, ndowa pamiyendo! Inu kumangoti mawa, mawa."

Twalibu ananyambita milomo. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana dziwe, koma sanamuyang'ane Salma m'maso.

"Alangizi," anatero ndi mawu ang'onoang'ono. "Mwayenda bwanji?"

Pakamwa pomwe paja! Pomwe pankatuluka duwa langa, nthiti yanga, wapamtima. Salma akanatha kutulutsa foni pomwepo n'kumuwerengera Rashida uthenga uliwonse. Foni inali m'thumba, dzanja linali pafupi. Anayang'ana mimba ija, ndi mapazi otupa a mayi amene anamulandira ndi mtima wonse. Dzanja silinasunthe.

"Ndayenda bwino, Che Twalibu. Zina zinafa. Zotsala ndi zimenezo."

"Zikomo kwambiri," anatero Twalibu, akuyang'ana pansi.

"Zikomo yokha?" Rashida anamudzudzula. "Munthu wasenza madzi nthawi yonseyi m'malo mwa ine! Achemwali, khalani kaye ndiphike."

"Iyayi, ndithamangira galimoto."

"Ndiye imani. Ine ndilibe choti n'kukupatsani cholingana ndi zomwe mwachita. Koma azamba akuti mwanayu akuoneka kuti ndi wamkazi. Akabadwa wamkazidi, Mulungu akalola, ndikufuna adzatenge dzina lanu. Abambowa amangoti alangizi, alangizi. Dzina lanu ndani?"

Twalibu anadzutsa mutu. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana Salma m'maso, ndipo maso akewo ankapempha. Koma Salma anatchula dzina lake.

"Salma."

"Salma," anabwereza Rashida, akusisita mimba yake pang'onopang'ono. "Salma. Lokoma bwanji! Lizimveka pakhomo pano tsiku lililonse. Eti abambo, si labwino?"

Twalibu anawerama n'kutola lalanje limodzi.

"Ndi labwino."

"Tatchulani tsono, mwana amve."

"Salma," anatero Twalibu.

Salma anatola ndowa zake, n'kulowetsa ina mwa inzake. Anatsanzika mwaulemu, Rashida n'kumuperekeza mpaka pa mtengo wa mango, akumudalitsa njira yonse.

Anayenda wapansi kulowera ku msewu. Sanalire. Ndowa zinali zopepuka, ndipo sankadziwa kuti azinyamule bwanji.