Zitsulo za Njanji mu Mchenga wa Lupande

Lole inatitimira mu mchenga wa mtsinje wa Lupande, kufupi ndi Msoro, Lachinayi m'mawa. Unali mwezi wa Okutobala, mtsinje utauma gwa. Mwini lole, Boyd, anathamangira m'mudzi kukapempha ng'ombe zokokera, ndipo khomo loyamba kugogoda linali la amalume ake, a Paskale.

Anamanga ng'ombe zinayi. Zinakoka mpaka kugwada, lole osasuntha. A Paskale anadabwa, chifukwa pamwamba pankangooneka matumba a chimanga owerengeka. Boyd ali kalikiliki kukumba kumatayala ndi mnzake Clinton, wowotcherera zitsulo wa ku Jumbe, mkuluyo anapisa dzanja pansi pa tenti yophimba katunduyo. Anakhudza chitsulo. Anachisisita m'mbali. Zinali zitsulo za njanji, zodulidwa ndi moto.

A Paskale sakanazisokoneza ndi china. Ali mnyamata, m'zaka za m'ma 80, anali m'gulu lomwe linkalambula njira ya sitima yochokera ku Mchinji kupita ku Chipata. Ntchito inaima, udzu unamera, anzawo ambiri anamwalira asanaone kanthu. Iwo anatsikira kuchigwa kukalima thonje. Koma mu 2010 atamva kuti njanji yatha, anagulitsa mbuzi nakwera minibasi. Anaima pa siteshoni ya Chipata n'kumva nthaka ikunjenjemera pansi pa mapazi sitima isanaonekere n'komwe. Chiyambire pamenepo ankakonda kutchula masiteshoni ngati pemphero: Chipata, Mchinji, Lilongwe, Salima, Nkaya, mpaka kunyanja yaikulu ku Nacala, komwe sanafikeko.

Anamuitanira Boyd pambali.

"Izi mwazichotsa kuti?"

"N'zotayidwa, amalume. Zimangochita dzimbiri."

"Zotayidwa zimawala pamwamba chonchi? Apa payenda sitima posachedwa."

Boyd anayang'ana pansi. Kenako anayankhula motsitsa mawu kuti sitima masiku ano imabwera mwa apo ndi apo, kuti Clinton ali ndi wogula, ndipo amalumewo angobwereka ng'ombe zina n'kutseka pakamwa. Anawakumbutsanso kuti iye ndi mwana wa mlongo wawo Esnati, yekhayo wamwamuna.

A Paskale anamasula ng'ombe zawo. Anakwera pachulu pomwe foni imagwira. Anaima kanthawi, chala chili pabatani, akuganiza za mlongo wawo. Kenako anaganiza za woyendetsa sitima akufika pamalo opanda njanji, ndipo anaimba kupolisi.

Anayankha Sajeni Brenda. Asanatchule dzina la munthu aliyense, a Paskale anati, "Amayi, yambani mwauza a ku Chipata aimitse sitima. Penapake njanji yadulidwa."

Kuchokera kupolisi kufika ku Lupande ndi mtunda, msewu wake wa mabampu. Boyd anawaona amalume ake akuimba foni, koma anadziwa kuti nthawi ilipo. Iye ndi Clinton anayamba kuponya matumba pansi kuti lole ipepuke. Awiri anaphulika, chimanga n'kumwazika pamchenga.

Cha m'ma 11 koloko mbalame zinangoti zii. A Paskale, ali pagombe ndi anthu a m'mudzi, anaona mitengo ya kutsidya ikugwedezeka. Inatulukira njovu yaikazi yaikulu, mnyanga umodzi wothyoka. Pambuyo pake zina, ndi tiana pakati. Zinkabwera kudzakumba madzi mu mchenga monga zimachitira chilimwe, koma fungo la chimanga linazikhotetsa. Zinkayenda mwakachetechete, ngati kuti matupi onsewo alibe kulemera.

Boyd ndi Clinton analumphira m'kati mwa lole n'kutseka magalasi. Njovu zinazungulira. Zinang'amba matumba ngati mapepala. Yaikulu ija inakoka tenti yonse n'kuitaya, zitsulo n'kukhala pambalambanda, zikung'anima padzuwa. Inakulunga chitamba pa chimodzi, chomwe amuna asanu ndi mmodzi sakanachinyamula, n'kuchikweza pang'ono. Inachinunkhiza, n'kuchisiya. Chinalira ngati belu la tchalitchi, chigwa chonse chinamva.

Pagombe mayi wina anagwada. A Paskale anavula chipewa.

Galimoto ya apolisi inafika masana, nayonso n'kuima patali. Sajeni Brenda anakhala pamuzu pafupi ndi a Paskale. Anawauza monong'ona kuti uthenga unafika: anthu a njanji anapeza mpata wautali wopanda njanji pakati pa Chipata ndi malire, ndipo sitima ya katundu yomwe imayenera kudutsa madzulo aiimitsa ku Mchinji. Mkuluyo anatseka maso.

Chimanga chitatha, yaikulu ija inayandikira galasi n'kuyang'ana m'kati nthawi yaitali. Kenako inatembenuka, zonse n'kuitsata kulowa m'tchire.

Atatsegula chitseko, Clinton anatsika n'kupereka yekha manja ku unyolo. Anaulula zonse asanafunsidwe, ndi dzina la wogula lomwe. Boyd anatsika thukuta lili kamukamu, milomo itauma. A Paskale anamupatsa botolo lawo la madzi. Anamwa madzi onse.

"Amalume, amama mukawauze ndinu. Asamvere kwa anthu."

"Ndikawauza. Ndikawauzanso kuti woimba foni ndine."

Khoti linawalamula zaka zisanu aliyense, koma izo zinadza pambuyo pa mvula. Tsikulo, galimoto ya apolisi itazimiririka m'fumbi, a Paskale anatsekera ng'ombe m'khola, nasamba kumaso, navala malaya a kutchalitchi. Anawapeza a Esnati pakhonde akusenda mtedza.

"Mwaswera bwanji, achimwene? Bwanji malaya a Sabata pakati pa sabata?"

A Paskale anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo.